Tsiku Limene Safia Anadzikana pa Mjigo

Anthu anga a pa foni, mwaswera bwanji? Iwe amene ukuwerenga uli pa mzere wa kombi, maminibasi athu aja, ndakuona, gwiritsa chikwamacho kaye. Lero ndakutengerani ya ku Unit O, dera lina la kuno ku Chitungwiza, pafupi ndi Harare. Musathamangire kuseka, chifukwa mwini nkhaniyi mpaka pano akaona galimoto yoyera ikukhota pa kona, malovu amamuuma.

Mwini wakeyo ndi Safia Ridhiwani, mtsikana wofatsa wa hijabu, amene anakhoza Fomu 6 bwinobwino koma n'kumangokhala pa tebulo la amayi ake pa msika wa Makoni kugulitsa samusa. Mtima wake unali pa yunivesite ina ya m'tauni mu Harare. Si zija za kapinga ndi mageti aatali ayi. Iyi ili pamwamba pa mashopu, fizi yake munthu wa samusa akhoza kuimva osakomoka, umapita pa kombi m'mawa n'kubwerako madzulo, ndipo usanamalize amakutumiza kukagwira ntchito yeniyeni. Safia ankafuna zoyeza magazi mu labu. Sukuluyo inalinso ndi malo ochepa ochotsera fizi ana a m'mabanja ovutika, ndipo popanda malo amenewo, Safia akanakalambira pa samusa.

Kufunsira malo kunali kwa pa foni. Tumiza zotsatira za mayeso, anatumiza. Tumiza chithunzi chako, anatumiza. Chitupa chako, anatumiza. Kenako panabwera: chitupa cha kholo.

Apa ndiye panali pa minga. Bambo ake anamwalira kalekale. Amayi ake, a Huda, amene layini yonse imawatcha Abiti Nasiru, anabadwira pa famu kuno ku Zimbabwe konkuno. Ku Malawi sanapondeko, amangomva kuti bambo awo anachokera ku Mangochi wapansi. Koma chitupa chawo ndi chija chakale chachitsulo, cholembedwa A, kusonyeza kuti ndi mlendo. Anzawo ambiri anakasintha kale. Ku mzikiti anthu amawauza kuti malamulo anasintha, pitani mukasinthe. Iwo toto. Amati ofesi ya boma ukalowa ndi miyendo yako, potuluka umatuluka ndi galimoto yawo. Chitupacho chinkagona m'kansalu mkati mwa pilo, ndipo palibe ankaloledwa kuchikhudza.

Safia anadikira amayi ake ali pa swala, akupemphera nkhope pansi. Anapisa mu pilo, anajambula, anabweza, anatumiza. Zinatheka mosavuta moti mantha anamupeza atamaliza kale. Chitsulo chija tsopano chili m'makina. Ndani akuchiona? Makina a sukulu ndi makina a boma sapatsana moni? Kuyambira tsiku limenelo, amayi ake akamuyitana dzina basi, ankadzidzimuka ngati wagwidwa.

Tsopano mumve lamulo la layini yawo. Nyumba zambiri mmenemo ndi za zidzukulu za anthu a ku Malawi, Asilamu ndi Akhristu omwe, ndipo pali chinthu chimodzi chimene sakangana. Munthu wachilendo wa malaya osita, wa chingwe pakhosi, akabwera n'kufunsa munthu dzina, munthuyo kulibe. Sanakhaleko, sitimudziwa, yesani Unit L. Lamuloli linachokera kwa azigogo ku mafamu, linadzakhwima nthawi ija boma linkagwetsa tinyumba takuseri, ndipo mpaka lero mwana amaliphunzira asanaphunzire kumanga nsapato. Pali ndi belu lake. Woyamba kumuona mlendoyo amakuwa kuti mvula.

Patapita nthawi, sabata ina yonse magetsi anali atathawa, mafoni onse mu layini atafa. M'mawa wina Safia anali pa mzere wa mjigo, umene kuno timati chibhorani, ndowa ili pakati pa miyendo, dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati lakwiya. Kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Anangomva mawu a amayi ake aakulu, a Tatu, amene amagulitsa tomato pa kona:

"Anulani zovala! Mvula iyooo!"

Galimoto yoyera, yopanda cholembedwa chilichonse, inali kubwera pang'onopang'ono ikuzemba maenje. Inaima. Munatuluka bambo wamtali, malaya osita mpaka kucheka, chingwe pakhosi, kakhadi kake katatembenukira pamimba, thabuleti m'manja.

Anayambira kwa Che Faki, nkhalamba yosoka nsapato pansi pa mtengo. Anawapatsa moni m'Chishona n'kutchula amene akumufuna.

"Makadii henyu, Sekuru. Ndiri kutsvaga Safia Ridhiwani."

Safia anamva dzina lake likutuluka m'kamwa mwa munthu wa chingwe. Basi. Makina aja apatsana moni.

Che Faki sanadzutse ndi mutu womwe. Anapitiriza kubaya nsapato, akuyankha m'Chishona chawo chopindikapindika. "Ameneyo anapita ku Joni. Kalekale."

Bamboyo anayang'ana thabuleti, anakwinya nkhope, anawolokera kwa a Tatu.

"Amai, Safia Ridhiwani mumamudziwa?"

"Dzina limenelo ndikulimva lero. Tomato mugula?"

"Koma agogo awo akuti anapita ku Joni. Ndiye kuti ankakhala muno."

A Tatu anaponya diso kwa Che Faki, diso lakuti mwandiphera bodza langa nkhalamba inu. Koma a Tatu sabwerera m'mbuyo. Anapukusa mutu, anagwira pachifuwa.

"Ooh, mukunena uja! Anapitadi. Anakafera konko. Musatikumbutse."

Abale, Safia ali chiimire potero, wamoyo, ndowa pansi, akumva za imfa yake. Ndipo sanaseke. Ankangopemphera kuti bamboyo akhulupirire, akwere galimoto, azipita.

Sanapite. Anabwera ku mjigo. Anadutsa amayi onse, ndipo mwa anthu onsewo anaima pamaso pa Safia, mwina poona kuti ndi wa msinkhu umene akufuna.

"Sisi, mtsikana uyu mumamudziwa?"

Anamutembenuzira thabuleti. Chithunzi chake chija. Koma paja atsikana inu simutumiza chithunzi chosakonza. Mnzake wina anachipaka zija za pa foni, khungu kusalala ngati sopo, mphuno kuwongoka, maso ngati a chidole. Ndiye yerekezani ndi Safia wa pa mjigo, wa mpango wakale, fumbi mpaka m'nsidze, milomo itang'ambika. Ngakhale mngelo wolemba mayina akanasokonezeka.

Amayi a pa mzere onse anali kuyang'ana kumwamba ngati akufunadi mvula. Safia anayang'ana nkhope yake yomwe.

"Handimuzive," anatero. Sindimudziwa.

"Nanga amayi ake, a Huda Nasiru?"

Akudziwa ndi dzina la amayi. Ndiye kuti sanabwerere iye, abwerera chitsulo chija. Safia anangopukusa mutu. Bamboyo anapuma mozama, anawerenga nambala ya nyumba pa thabuleti, n'kuyamba kuyenda akuyang'ana zitseko.

Safia anasiya ndowa pa mzere. Amene mumatunga ku Chitungwiza mukudziwa kuti munthu sasiya malo pa mzere pokhapokha nyumba ikupsa. Anadzera kanjira kakuseri, kulumpha ngalande, kukwawa pansi pa waya wa anthu ena, kuti akafike msanga awachenjeze amayi. Anachedwa. Pofika kuseri kwa mpanda wawo, bamboyo anali ali kale pakhomo. Safia anagwada pamenepo, diso pa kabowo ka mpanda.

Abiti Nasiru anali pakhonde akukazinga samusa pa mbaula. Belu la a Tatu anali atalimva, zovala anali ataanuladi, koma mafuta otentha sungathawe nawo.

"Amai, ndinu a Huda Nasiru?"

"Ayi."

"Nyumba ino si yawo?"

"Ine ndine wa lendi. Ndabwera kumene."

"Mwana wotchedwa Safia mulibe muno?"

Anatembenuza samusa ndi chipande, osamuyang'ana.

"Ine mwana dzina limenelo ndilibe."

Safia anadziwa kuti ndi lamulo, anadziwa kuti akumutchinjiriza, komabe mawuwo anamulowa ngati singano. Ndipo zonsezi wazibweretsa ndi iye. Ankaona kale amayi ake ali kumbuyo kwa galimoto yoyera, akupita ku dziko limene sadziwako ndi mtengo umodzi womwe.

Bamboyo anabwerera pa geti, pafupi penipeni ndi pamene Safia anagwada, mpanda wokha pakati. Anatulutsa foni.

"Madamu, ndi Kudzaishe. Ndili ku Unit O, kwa mtsikana uja wafunsira za labu, wa malo ochotsera fizi. Foni yake sikupezeka sabata yonse, ndiye ndangobwera. Palibe chilipo. Wina akuti ali ku Joni, wina akuti anamwalira, pakhomo akuti samudziwa. Ndi adilesi yabodza iyi. Ndikafika ndidzalemba, malowo mumupatse wotsatira."

Labu. Malo ochotsera fizi. Ndi wa sukulu!

Kapena ayi?

Anamva kupuma kumbuyo kwake. Che Faki anali atamutsatira, nsapato ya kasitomala idakali m'manja. Anamugwira phewa, kunong'ona.

"Khala pansi, mwanawe. Ndi msampha umenewo. Akudziwa kuti uli pafupi, akuyankhula kuti umve. Amabwera choncho, shuga pakamwa. Ine ndawaona anthu awa iwe usanabadwe."

Ndipo zinali zomveka. Galimoto yopanda dzina. Kakhadi kotembenuza. Bwanji waimbira foni pa mpanda pomwepa? Akakhala chete, ngati bamboyo ndi wa sukuludi, malo apita, ndipo sadzabweranso. Akaimirira, ngati Che Faki akunena zoona, wawapereka amayi ake ndi dzanja lake, kachiwiri. Anamva mapazi akuchoka pa geti. Anamva makiyi akulira.

Sakudziwa mpaka lero kuti miyendo ija inamvera ndani. Anangopezeka waimirira, mutu pamwamba pa mpanda.

"Ndini Safia!"

Che Faki anagwetsa nsapato. "Laa ilaaha... mwana uyu!"

Kudzaishe anatembenuka. Anamuyang'ana, anayang'ana thabuleti, anamuyang'ananso.

"Iwe? Si iwe wandiuza pa chibhorani kuti sumudziwa?"

"Ndine ndemwe."

"Sisi, ine ndatopa. Anthu amayesa kulowa pa malo a anzawo, ndimaziona. Chithunzi ichi si iwe."

"Ndi ine, kungoti anachikonza."

Anazungulira mpanda, kudutsa amayi ake osawayang'ana, kulowa m'nyumba, kutuluka ndi chitupa chake. Pa chitupa paja palibe amatuluka wokongola, ndiye chinafanana naye bwinobwino. Anthu anali atayamba kudzaza pa msewu, aliyense ataima patali pothawika. A Tatu anafika akuthamanga, tomato atasiyira Mulungu.

Kudzaishe anabweza chitupacho. "Chabwino, ndiwe Safia. Koma ine anandituma kudzaona kuti umakhaladi pano, ndi kholo limene unalemba. Amayi awa akuti ndi a lendi, ndipo mwana alibe. Popanda kholo, ndilemba zimene ndamva."

Aliyense anayang'ana Abiti Nasiru. Iwo anayang'ana mwana wawo. Anayankhula m'Chichewa, motsitsa, kuti mlendo asamve.

"Dzina langa munthuyu walitenga kuti?"

"Amayi..."

"Ndakufunsa."

"Ndinajambula chitupa chanu. Munali pa swala. Ndinatumiza ku sukulu."

A Tatu anaika manja kumutu. "Wamugulitsa mayi ako! Iwe, ife tikukuphera kuti upulumuke, iwe ukudzuka wekha kumanda kudzatipereka? Huda, usayankhe kanthu. Ndiwe wa lendi. Khala wa lendi!"

Samusa zinali kupserera mu poto, palibe anaziona. Abiti Nasiru sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuopsa Safia kwambiri.

"Sukuluyi iliko?"

"Iliko, Amayi."

"Bamboyu ndi wa sukuluyo?"

Safia akanatha kunena kuti inde. Koma bodza linali litamukwana tsiku limenelo.

"Sindikudziwa, Amayi. Ndikuganiza choncho. Sindikudziwa."

"Ndikakhala wa lendi, malo ako atha?"

"Atha."

Abiti Nasiru anaika chipande pansi. Analowa m'nyumba, anatseka chitseko.

Kudzaishe anayang'ana wotchi. Safia anayang'ana chitseko. Nthawi inatalika moti anayamba kuganiza kuti amayi atulukira pa windo lakuseri, ndipo mbali ina ya mtima wake inkafuna kuti atero, athawe, zasukuluzo zipse. A Tatu anali kung'ung'udza mapemphero, akusakaniza ndi matemberero.

Chitseko chinatseguka.

Abiti Nasiru anatuluka atavala diresi yawo ya Lachisanu, mpango woyera, nsapato zotseka. Paphewa chikwama chakuda chodzaza, mkeka wa swala utapindidwa pamwamba. M'dzanja kansalu kaja.

"Achemwali," anatero kwa a Tatu, "muphule potoyo. Makiyi ali pa msomali. Mwanayu muzimuona, asamagone ndi njala."

Safia anayamba kulira mokweza ngati kamwana. Amayi ake anamudutsa, anakaima pamaso pa Kudzaishe, anamasula kansalu, anapereka chitsulocho ndi manja awiri.

"Huda Nasiru ndine. Uyu ndi mwana wanga, ndinabereka ndekha. Amakhala muno. Mulembe kaye zimenezo, kenako tizipita."

Kudzaishe anaphethira. "Tizipita kuti, Amai?"

"Kumene munditengere."

Bamboyo anayang'ana chikwama, anayang'ana khamu lili pa msewu, anayang'ana Che Faki amene anali atabisala theka kuseri kwa mpanda. Analandira chitupa, anachiyerekeza ndi cha pa thabuleti, anabweza. Basi. Sanachitembenuze n'komwe.

A Tatu sanapirire. "Nanga A yo simunaione?"

"Ndaiona. Ine ndine wa sukulu, Amai. Za A sizindikhudza." Anatembenuza kakhadi kapakhosi kaja, dzina la yunivesite lili poyera. "Mphepo imakatembenuza."

Palibe anaseka. Kudzaishe anafunsa mafunso ake, zipinda zingati, amadya angati, samusa zimayenda bwanji. Abiti Nasiru anayankha onse ali chiimire, chikwama chili paphewa, osachitula. Kudzaishe anajambula chitseko, anati zotsatira si iye amagamula, iye akanena zimene waona. Pokwera galimoto anaima kaye pa a Tatu.

"Pepani ndi maliro aja, Amai."

"Kwathu sitichedwa kumanda," anayankha a Tatu, nkhope ili gwa. "Tomato mugula kapena ayi?"

Anagula, mwina chifukwa cha mantha.

Inu mukuganiza kuti mantha anathera pamenepo? Ayi ndithu. Che Faki anauza layini yonse kuti umenewo unali ulendo woyamba chabe, wodzaona malo, ndipo akubweranso ndi lole. Abiti Nasiru chikwama chija sanamasule. Anachiika kuseri kwa chitseko, ku Makoni anasiya kupita, galimoto iliyonse ikamveka ankaimirira n'kukonza mpango. Kwa Safia sankayankhula kupatula "idya" ndi "tseka chitseko". Safia naye ankangoyang'ana msewu, akudzifunsa ngati kakhadi munthu sangapange pa Makoni pomwepa. Kuwonjezera apo, bodza la a Tatu linali litayenda lokha. Madzulo a tsiku limene Kudzaishe anabwera amayi a ku mzikiti wa ku Unit L anafika ndi nkhope zachisoni kudzafunsa kuti thupi lifika liti kuchokera ku Joni, ndipo anawatsegulira chitseko ndi malemu.

Magetsi atabwera, foni itadzuka, mauthenga anagwa ngati matalala. Pakati pake panali wa ku yunivesite. Malo a labu, fizi yochotsera, abwere kudzalembetsa. Safia anawerenga, anawerenganso, anapita nayo foni kwa amayi ake ali pakhonde, anagwada, anawamasulira m'Chichewa.

Abiti Nasiru sanalulute.

"Ndiye kuti galimoto ija sibweranso?"

"Sibweranso, Amayi."

"Walemba pamenepo kuti sibweranso?"

"Sanalembe. Koma sibwera."

Analowa m'nyumba. Safia anamva zipi ikutseguka, zovala zikubwerera m'sutikesi chimodzichimodzi. Anatuluka ndi chikwama chakuda chili pululu, anachiponya pamiyendo pa mwana wawo.

"Uziikamo mabuku. Ndipo iwe, tsiku lina ukadzafuna kundipha, uzindiuza kaye ndisambe."

Ndi mmene Safia analowera yunivesite, anthu anga. Tsopano ndikufuna zanu. Mu layini yanu, wa chingwe pakhosi akafunsa dzina, mumati munthuyo ali kuti? Ndipo ndani kwanu anathamangitsapo mwayi wake poganiza kuti ndi apolisi? Lembani pansipa mmene zinakhalira, dzina mukhoza kusintha, koma a ku Unit C musanamizire kuti kwanu sizichitika.